Kudutsa Mapiri a Alps pa Njinga

Pakati pa Ulaya pali mapiri akulu-akulu ochedwa Alps. Mapiriwo ali ngati linga lalitali lolekanitsa maiko ozizira a kumpoto ndi dziko lofunda la Italy kumwera. Munthu wofuna kupita tsidya lina angathe kukwera sitima kapena galimoto, nadzera m'njira zimene anthu anaboola pansi pa mapiri, nafika tsiku lomwelo. Koma caka ndi caka alipo anthu amene amaikana njira yapafupiyi. Iwo amatenga njinga, nabereka kathumba kumsana, nakwera mapiriwo ndi mphamvu ya miyendo yao kwa sabata lathunthu. Ena amalipira munthu wowatsogolera, ndipo katundu wao amatsogola pa galimoto. Koma ena amapita okha, awiri kapena atatu, opanda mtsogoleri. Kwa otere ulendo umakhala wobvuta koposa, cifukwa nchito yonse ya mtsogoleri imagwera iwo eni.

Njinga ya ulendowu si yonga ija yonyamulira makala kapena matumba a cimanga. Matayala ace ndi onenepa, okhala ndi mano ogwira pa miyala ndi m'matope. Iri ndi magiya ambiri ndi mabuleki amphamvu. Njinga zotere zinayamba ku California, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1970, pamene anyamata ena anali kupikisana potsetsereka m'phiri la Tamalpais pa njinga zakale.

Njira zodutsira Alps ziripo zambiri, koma yochuka ndiyo ya Heckmair. Anaipeza ca m'ma 1990 ndi Andi Heckmair, munthu wa ku Oberstdorf m'dziko la Germany, amene nchito yace inali kutsogolera anthu m'mapiri. Atate wace, Anderl Heckmair, ndiwo anatsogolera anthu oyamba kukwera thanthwe loopsa la kumpoto kwa phiri la Eiger m'caka ca 1938. Njirayo iyambira ku Oberstdorf, ipyola m'maiko a Austria ndi Switzerland, nikathera ku Riva, m'mbali mwa nyanja ya Garda ku Italy. Utali wace uposa makilomita 300, ngati kucokera ku Lusaka kufika ku Ndola.

Wina angaganize kuti mtunda wotere sufuna sabata lonse. Koma m'mapiri munthu sawerenga utali wa njira wokha iai. Amawerenga kukwera kwace. Njira imakwera mpaka pa mpata wa pakati pa nsonga ziwiri, nitsikira m'cigwa, nikweranso ku mpata wina, ndipo citunda conse ca ulendowu cikaphatikizidwa ciposa mamita 10,000. Phiri la Everest, lalitali koposa onse pa dziko lapansi, liri ndi mamita 8,849 cabe.

Cifukwa cace ulendo umayambira pa thebulo, miyezi ingapo munthu asanakhudze njinga. Amayala mapu, nayang'ana timizere tokhota-khota tosonyeza kutalika kwa malo. Pamene timizereto tatalikirana, malo ndi osalala. Pamene tathinana, pali citunda coimirira. Poona izi amadziwa pamene adzachova, pamene adzakankha, ndi pamene adzagona. Ambiri amaika njira yonse m'foni kapena m'kacipangizo ka GPS. Komabe wanzeru sasiya mapu a pepala, pakuti foni ikatha moto pamwamba pa phiri isanduka cinthu congolemetsa thumba.

Thumbalo liri ndi mlandu wace. Munthu amalibereka kucokera m'mawa mpaka madzulo, ndipo odziwa amayesetsa kuti lisapitirire makilogalamu 6 kapena 7. Mumalowa jekete la mvula, cobvala cofunda, zosinthira zocepa, mankhwala a pa bala, pampu, chubu, zigamba ndi tizitsulo tokonzera cheni. Cina ciri conse cimatsala kunyumba. Malaya amene anabvala usana amawacapa madzulo kuti awabvalenso mawa.

Phiri silicedwa kumuyesa mlendo. Tsiku loyamba lomwe, atacoka ku Oberstdorf ndi kutsata cigwa ca msipu wobiriwira, amafika pa mpata wa Schrofen, wa mamita 1,688, pa malire a Germany ndi Austria. Mpatawu si wautali kwambiri, koma kanjira kace nkopapatiza, kosemedwa m'thanthwe. Dzanja lina kuli khoma la mwala, dzanja lina kuli phompho, ndipo pena pamene njira inagumuka anaikapo kamlatho kacitsulo. Pamenepa palibe wochova. Munthu amayenda mbali ya ku khoma, njinga naiika mbali ya ku phompho, kuti akaterereka igwe ndi njinga, mwini wace atsale.

Usiku amagona m'midzi ya m'zigwa, kapena m'nyumba za alendo zomangidwa pamwamba pa mapiri, monga Freiburger Hütte, pafupi ndi kanyanja ka Formarin. Zambiri mwa nyumbazi nza magulu a anthu okonda kukwera mapiri. Gulu la ku Germany linayamba m'caka ca 1869. Mlendo amabvula nsapato pakhomo, nadya cakudya cotentha pamodzi ndi anthu amene sanawaonepo, nagona nao m'cipinda cimodzi. Ikakwana 10 koloko onse amakhala cete. Woyenda yekha ayenera kusungitsa malo ace kusanace, cifukwa akafika kutada napeza modzaza, mudzi wina uli kutali pansi.

Koma cimene cimaopsa koposa phompho ndi nyengo. Ulendowu ucitika makamaka kuyambira July mpaka September, pakuti miyezi ina mipata imatsekeka ndi cipale cofewa, madzi ouma oyera ngati ufa amene amagwa kucokera kumwamba. Ngakhale m'miyezi yofundayo, munthu akakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri ngati 6. Amene anatuluka thukuta m'cigwa angathe kunjenjemera pa mpata, zala zace zitauma kotero kuti alephera kufinya mabuleki. Ndiponso masana mitambo imaunjikana pa nsonga, ndipo madzulo kumagwa mvula ya mabingu. Pamwamba pa mamita 2,000 mitengo imatha. Munthu woimirira ndi njinga pamtetete ndiye cinthu cacitali, ndipo mphezi imafuna cacitali. Ncifukwa cace odziwa amalawira mbandakuca kuti adutse mpata dzuwa lisanapendeke.

Apa ndipo pamene kusowa kwa mtsogoleri kumaoneka. Anthu atatu aima pansi pa mpata wa Scaletta, wa mamita 2,606, kupitirira mzinda wa Davos. Ayenda maora anai, kwatsala ora limodzi, koma kumadzulo kwada bii. Palibe wowauza cocita. Akabwerera ataya tsiku ndi ndalama za malo ogona amene anasungitsa tsidya lina. Akapitirira angakomane ndi mphezi pamalo popanda pobisala. Mtima umati pitani, pakuti palibe wofuna kutsika citunda cimene wakwera ndi thukuta. Koma amene amayenda ulendowu kawiri katatu ndiwo amene anaphunzira kutembenuza njinga, ndipo amayesa mphamvu za gulu lonse poyang'ana wotopa koposa.

Ngozi ikagwa, nambala yoitanira cithandizo m'maiko onse anaiwo ndi 112. Kumene foni sigwira kuli cizindikiro cakale codziwika m'mapiri onsewo: kuliza wezulo kapena kuwalitsa tochi kasanu ndi kamodzi pa mphindi imodzi, kupuma mphindi imodzi, ndi kuyambanso. Womva amayankha katatu pa mphindi.

Atatsika ku Scaletta amalowa m'cigwa ca Engadin, kumene anthu ena amalankhula Ciromanshi, cinenero cacinai ca dziko la Switzerland. Kucokera m'mudzi wa S-chanf amakwera mpata wa Chaschauna, wa mamita 2,694. Pamwamba potere mpweya ndi wocepa, ndipo munthu amakankha njinga mapazi makumi angapo, naima, napuma wefuwefu. Tsidya lace ndi Italy, mudzi wa Livigno. Patsogolo pali Bormio ndi mpata wa Gavia, umene uli ndi mseu wa tara koma uposa mamita 2,600. Pa mpata umenewu, m'mwezi wa June 1988, akatswiri a mpikisano wa Giro d'Italia anagwidwa ndi cipale cofewa, ndipo ambiri anafika pansi atauma ndi cisanu, ngakhale anali ndi magalimoto owatsata.

Kutsika nakonso nkosapepuka monga momwe kuonekera. Mabuleki akafinyidwa kosalekeza amatentha nataya mphamvu, tsono munthu amafinya ndi kumasula, ndipo nthawi zina amaima kuti azizire. M'njiramo muli anthu oyenda pansi, amene ayenera kuwapatukira, ndi ng'ombe zobvala mabelu m'khosi. Cipata ca msipu akacitsegula ayenera kucitsekanso, pakuti msipuwo uli ndi eni ace.

Mpata wa Campo, umene uli pafupi ndi mathero, ambiri amaukumbukira ndi mapewa ao: kumeneko njinga ndiyo imakwera munthu kwa maora angapo. Kupitirira apo mapiri amayamba kufupika ndipo mphepo imafunda. Ambiri amakonda kutsirizira pa Tremalzo, mseu wakale wa asilikali wokhota-khota m'matanthwe. Pansi pace paoneka nyanja ya Garda, yaikulu koposa nyanja zonse za mu Italy. Riva ali pa mamita osakwana 100 pamwamba pa nyanja ya mcere, ndipo m'mbali mwace mumamera mitengo ya azitona. Alendo amatsamiritsa njinga zao zamatope pa khoma la doko, nabvula nsapato, naviika mapazi m'madzi. M'mawa mwace amafunafuna basi kapena sitima yowabwezera kumpoto, ndipo mapiri amene anawadyera sabata lonse amawadutsa dzuwa lisanalowe.