Chinsinsi chili pakhungu la giya

Akabaza a njinga zamoto amene amakwera zitunda za ku Misuku amadziwa kuti siproketi ina sichedwa kutha, mano n'kupindika ngati mbedza, pamene inzake yofanana nayo maonekedwe imapirira chaka chonse. Kusiyana kwake kuli pakhungu la chitsulocho, lomwe kawirikawiri silifika mamilimita 2 kukhuthala.

Siproketi, monga giya iliyonse yabwino, iyenera kuuma kunja koma kufewerako mkati. Ikauma yonse imathyoka, ikafewa yonse imaperepeseka. Choncho m'mafakitale amasula giya ndi chitsulo cha kaboni wochepa, pafupifupi 0.2 peresenti, n'kuitsekera m'ng'anjo yotentha madigiri 900 mpaka 950. Mmenemo amapoperamo gasi wodzaza ndi kaboni, yemwe amalowerera pang'onopang'ono mpaka pakhungupo atafika cha m'ma 0.8 peresenti. Kenako amaiviika mu oyilo ili psuu, n'kuitenthetsanso pang'ono kuti isamathetheke.

Mutu umawawa posankha nthawi yoti giyayo ikhale m'ng'anjomo. Lamulo limene Adolf Fick anafalitsa mu 1855 likusonyeza kuti ukafuna kuti kaboni alowe mozama kawiri, maola ake amawirikiza kanayi. Apa m'pamene pulogalamu ya pakompyuta imathandiza. Injiniya amalembamo mtundu wa chitsulo, kutentha kwa ng'anjo ndi kuzama kumene akufuna, ndipo isanayatsidwe ng'anjo, kompyuta imamuuza maola othira gasi wambiri ndi maola omuchepetsa kuti kaboni afalikire mkati. Kaboni akaunjikana pamwamba mano amang'aluka, ndipo kupitirira maola n'kungowotcha ndalama.

Kuno nzeru ya moto ndi chitsulo si yachilendo. Paphiri la Nyika pakadali zotsalira za ng'anjo zimene makolo ankasungunuliramo miyala yachitsulo ndi makala. Wosula wa lero amakonda sipuling'i yakale ya galimoto popanga nkhwangwa chifukwa ili kale ndi kaboni wokwanira. Amapemerera makala, diso lili pa kufiira kwa chitsulo, kenako tswee m'madzi. Pa nkhwangwa diso limakwana, koma pa magiya mazanamazana ofunika kufanana, diso lokha silingathe.

Wogula sangaone khungulo, komabe tupa amaulula. Likwecheni dzino la siproketi musanalipire. Tupa akaterereka ndiye kuti khungu lilipo, koma akadya chitsulo mosavuta, isiyeni pomwepo.