Darth Vader wafika kwa Mphuka

Pabalaza pathu panalibe choti mlendo n'kuchiyang'ana kawiri. M'kabati ya magalasi munali makapu a alendo omwe sitimwera, mbale za paukwati wa amayi, ndi maluwa apulasitiki ofuwira ndi dzuwa. Munthu akabwera ankamwa tiyi wake, kudandaula za mitengo ya feteleza, basi n'kutsanzika.

Kenaka achimwene omwe ali ku Joni anatumiza katundu pa basi. Pakati pa mabulangete ndi mafuta ophikira panali bokosi lakuda la LEGO, nambala 75304, chipewa cha Darth Vader. Chinatuluka mu 2021, chili ndi tizidutswa 834, ndipo pabokosipo analembapo 18+, kusonyeza kuti anapangira akuluakulu. Titatsegula kathumba koyamba n'kukhuthulira m'lichero, tizidutswato tinangoti mbwee ngati makala ophwanyika. Amayi anagwira pakamwa. "Ndalama zonsezo mwana wanga kugulira zinyenyeswa?"

Amene anakulira m'mavidiyo sho akumudziwa Darth Vader ameneyu. Ndi chigawenga cha mu Star Wars, filimu ya George Lucas ya 1977. Wovala zakudazo anali David Prowse, koma mawu ogunda aja anali a James Earl Jones, yemwe anamwalira mu 2024. Kupuma kwake koopsa kuja Ben Burtt anakujambula ndi chipangizo chomwe anthu amapumira akamira pansi pa nyanja. Chipewacho anayamba kuchijambula Ralph McQuarrie, ndipo chinatengera zipewa za asilikali akale a ku Japan otchedwa samurai.

Ntchito yomanga inagwera ine ndi mwana wa achemwali anga, mnyamata wa sitandade 6 amene magalimoto ake a waya amadziwika mudzi wonse. Inali nyengo ya chiperoni, minda ya tiyi itakutidwa ndi nkhungu mpaka phiri la Thyolo osaoneka. Tinayala mphasa pakhonde. Usiku musayese n'komwe, chifukwa pa nyali ya sola tizidutswa takuda timafanana tonse, ndipo kakagwa pansi mukafunafuna mpaka tambala kulira.

Kabuku kake kamalangiza ndi zithunzi, ndiye mnyamatayo sanafune womasulira. Ankaona tsamba kamodzi, dzanja lili kale m'lichero. "Amalume, kameneko ayi, tengani kopendekerako." Chinatidabwitsa n'chakuti m'kati mwa mutuwo mumalowa tizidutswa ta mitundu yowala, tomwe pamapeto pake timabisika tonse. Palibe guluu, palibe msomali. Kachidutswa ukakakanikiza kamangoti kha! n'kugwira zolimba. Kagwiridwe kameneka kampani ya LEGO inakalembetsa mu 1958, ndipo mwini wake woyamba, Ole Kirk Christiansen wa ku Billund m'dziko la Denmark, anali kalipentala amene anayamba kusema zidole zamatabwa mu 1932. Nditamuuza zimenezi mnyamatayo anamwetulira, chifukwa naye ndi mmisiri.

Kwa nthawi yaitali chinthucho chinalibe nkhope, chinali chigubu chabe. Koma titalumikiza kamwa ija ya ngodya zitatu, n'kuika maso, mnyamatayo analumpha n'kukuwa, "Ndi yemweyo! Ndi yemweyo!" Ine thupi linachita tsembwe. Amayi, agogo ake a mnyamatayo, anatuluka kukhitchini mthiko uli m'manja, anayang'anitsitsa, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. Omwe aja ankati zinyenyeswa ndiwo anachotsa maluwa apulasitiki m'kabati kuti Vader akhale pakati.

Ndiye taonani lero! Chaima pa kamtengo kake, kutalika pafupifupi masentimita 20, dzina lili pansi pa kachikwangwani. Dzuwa la m'mawa likawomba, chipumi chimanyezimira, masowo n'kumakutsata kulikonse kumene wakhala. Timabatani tozungulira ta LEGO timaoneka pamwamba pa chipewacho, ndipo ine ndimatikonda, chifukwa ndito timaonetsa kuti manja a munthu anagwirapo. Anthu ochokera kothyola tiyi amapatuka, mabasiketi akadali kumsana, kudzasuzumira pazenera. Ana a pasukulu amabwera gulu, kupikisana kuti ndani akutha kupuma ngati Vader. Ngakhale abusa atabwera kudzaona amayi anafunsa mafunso mpaka tiyi wawo kuzizira.

Zovuta zilipo. Mtengo wake si wa munthu wolandira za pa esiteti, ndipo pakadapanda achimwene sindikadachigwira. Si chidole choti mwana aponyeponye pabwalo. Chakuda sichibisa fumbi, moti Okutobala akafika muyenera kumachipukuta ndi kaburashi kofewa, ndipo zala zamafuta zimasiya zidindo. Koma pa chisangalalo chimene chabweretsa pakhomo pano, ndikuchiyamikira ndi mtima wonse.

Mnyamata uja tsopano watolera waya, zitini za mkaka ndi chubu chakale cha njinga. Akuti akupanga Vader wake wamkulu woti azivala kumutu, ndipo anzake atatu aperekeratu maoda.