Tony Tuckson ndi Ntchito ya Woyang'anira Zaluso

Tony Tuckson anabadwira ku Egypt mu 1921, makolo ake ali a ku Britain. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ankaulutsa ndege za Spitfire, ndipo nkhondoyo ndi imene inamufikitsa ku Australia. Itatha, anaphunzira kujambula ku East Sydney Technical College. Mu 1950 analembedwa ntchito ku Art Gallery of New South Wales, nyumba yoonetsera zaluso ya mumzinda wa Sydney, ndipo pofika 1957 anali wachiwiri kwa mkulu wa nyumbayo, Hal Missingham.

Ambiri amayesa kuti woyang'anira zaluso amangopachika zithunzi pakhoma. Kupachika ndi kumapeto. Iye amasankha choti chigulidwe, amafufuza mwini luso ndi chaka, amalemba m'kaundula, amateteza chinthucho ku chinyezi ndi dzuwa. Koma mphamvu yeniyeni pantchitoyi ili pa funso limodzi: chinthu ichi chiime m'chipinda chiti, pafupi ndi chiyani?

Apa ndi pamene Tuckson anasiya dzina. Masiku amenewo ntchito za Aaborijini, eni nthaka a ku Australia, zinkasungidwa kwambiri kumalo a zamakedzana, ngati umboni wa chikhalidwe chabe, osati luso. Mu 1958 iye ndi dokotala wa mafupa Stuart Scougall anapita ku chilumba cha Melville, kumpoto kwa Darwin, kumene amisiri a mtundu wa Tiwi anawasemera mizati 17 ya mwambo wa maliro wa Pukumani. Mizati yotere amaipaka dothi lofiira, lachikasu ndi loyera, nkuizika mozungulira manda kuti mvula ndi moto wa m'tchire ziimalize pang'onopang'ono. Podziwa kuti iyi ikupita kumzinda, amisiriwo anasema mtengo wa mtundu wina, osati wa pamwambo. Mu 1959 mizatiyo inaimikidwa m'nyumba ya zaluso ku Sydney, ena akunyinyirika kuti si malo ake. Chaka chomwecho awiriwa anafika ku Yirrkala kukatenga zithunzi za pamakungwa.

Nthawi yonseyi Tuckson ankajambula kunyumba, usiku ndi kumapeto kwa sabata, koma osaonetsa anthu kwenikweni. Munthu amene ali ndi mawu pa zogulidwa ndi ndalama za boma sangamagulitsenso zake pamsika womwewo osakayikiridwa. Anayamba ndi zithunzi za anthu, kenako anasiyiratu kufanizira zooneka. Chitsanzo ndi White lines (vertical) on ultramarine: mizere yoyera yotsika pa mabolodi awiri aatali opakidwa buluu, yokokedwa ndi mkono wonse, penti ikudontha.

Chionetsero choyamba cha iye yekha chinachitika mu 1970 ku Watters Gallery, ali ndi zaka 49. Chachiwiri chinali mu 1973, ndipo mu Novembala chaka chomwecho anamwalira ndi khansa. Zithunzi zambirimbiri zimene anasiya kunyumba anazisamala ndi mkazi wake Margaret, woumba mbiya, ndipo lero zina zili m'nyumba imene mwamuna wake ankagwiramo ntchito.