Chitupa cholembedwa "Alien": wofuna ntchito aulule kapena abise?

CHITUNGWIZA - Ku Zengeza, monganso ku St Mary's, kuli mabanja ambiri omwe makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'mafakitale. Ana awo anabadwira ku Zimbabwe, koma zitupa za ena mwa iwo zinalembedwa mawu akuti "Alien", kutanthauza mlendo. Akamafunsira ntchito, ambiri amazengereza kutchula za chitupacho poopa kuti kalata yawo iponyedwa pambali.

Vutoli linakula m'chaka cha 2001 pamene boma linasintha lamulo la unzika. Aliyense amene ankaganiziridwa kuti ali ndi unzika wa dziko lina anapatsidwa miyezi 6 yokha kuti aukane, ndipo ambiri omwe sanatero anayamba kutengedwa ngati alendo, ngakhale ena anali asanapondeko ku Malawi chibadwire.

Zinthu zinasintha mu 2013. Ndime 43 ya malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe imati munthu wobadwira m'dzikomo malamulowo asanayambe kugwira ntchito ndi nzika yobadwa nayo, malinga ngati kholo lake limodzi linali nzika ya dziko la mu SADC ndipo iye ankakhala ku Zimbabwe pa nthawiyo. Choncho munthu wotere safunika chilolezo chogwirira ntchito chimene nthambi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko imapereka kwa alendo. Cholakwika ndi chitupa chakalecho, ndipo chingasinthidwe ku maofesi a kalembera wa nzika.

Kubisa sikupita patali. Olemba ntchito amafuna chitupa pokonza mgwirizano wa ntchito ndiponso polembetsa wantchito ku bungwe la NSSA. Akaona mawu aja mwadzidzidzi pa tsiku lomaliza, ambiri a iwo, omwe ndime 43 sanaiwerengepo, amangoganiza kuti anamizidwa. Kuli bwino kuti wofunsirayo ayambe yekha nkhaniyi pa tsiku la mafunso, atanyamula kalata yake ya kubadwa ndi umboni wa kumene kholo linachokera. Pa ntchito za upolisi ndi usilikali, zomwe zimafuna nzika zokha, ndi nzeru kusintha chitupa asanalembe n'komwe kalata.

Nkhani ndi ina kwa amene amachoka ku Zengeza kukasaka maganyu ku Johannesburg. Kumeneko ndi alendodi. Ndime 38 ya lamulo la 2002 loona za olowa m'dziko la South Africa imaletsa kulemba ntchito mlendo wopanda chilolezo, ndipo imalamula bwana kufufuza mapepala a wantchito wake. Wofunsidwa ayankhe zoona, atchulenso tsiku limene chilolezo chake chidzathere. Komabe wopezeka alibe mapepala sataya ufulu wonse: mu 2008, pa mlandu wa kampani ya Discovery Health, khoti la za ntchito linagamula kuti mlendo wotere ndi wantchito ndithu, ndipo angathe kukadandaula ku bungwe la CCMA akachotsedwa mopanda chilungamo.