Kutepa Mawu Kuchokera pa Mikisa Kulowa mu Kompyuta

Makolo ambiri a ana a pasukulu pano ali ku Joni, ena ku Cape Town ndi ku Durban. Ana akawerenga Qur'an pamaso pa anthu kuno ku Edingeni, uthenga suchedwa pa WhatsApp: titumizireni timve mwana wathu. Chimene amalandira nthawi zambiri ndi mawu otepedwa pa foni imene wina anaikweza pakati pa khamu. Foniyo imagwira chimkuzamawu, mabenchi, chifuwa cha mkulu wina ndi khanda likulira, ndipo wowerengayo amamveka ngati ali mu mgolo. Komatu zida zotepera bwino tili nazo kale: mikisa ya kumzikiti ndi laputopu ya kuofesi. Chatsala n'kuzilumikiza moyenera. A komiti asanatulutse ndalama zogulira mawaya ku Mzimba boma kapena ku Mzuzu, tiyeni tione mmene mawu amayendera.

Maikolofoni imasandutsa mawu kukhala kamphamvu ka magetsi kochepetsetsa, timagawo towerengeka pa magawo 1,000 a voti imodzi. Mikisa imalandira kamphamvuko n'kukakuza, ndipo chotuluka kumbuyo kwake chimafika pafupifupi voti yathunthu, kuposa chija ka 100. Vuto ndi lakuti bowo la maikolofoni pa laputopu analipangira kamphamvu kochepa kaja. Kulowetsamo mawu ochokera pa mikisa kuli ngati kukhuthulira ndowa ya madzi mu kapu ya tiyi. Mawu amasweka, amamveka mokalakata, ndipo n'kovuta kwambiri kuwakonza pambuyo pake. Malaputopu ambiri a masiku ano alinso ndi bowo limodzi lokha la mahedifoni ndi maikolofoni pamodzi, moti waya wamba ukalowa pamenepo kompyuta ikhoza osauona n'komwe.

Njira yabwino ndi ya USB. Yambani mwayang'ana mikisa yanu. Mitundu ina, monga Behringer Xenyx Q802USB ndi Yamaha MG10XU, ili nalo kale bowo la USB, ndipo waya wake ndi ngati uja wa pulinta. Ngati palibe, pali kabokosi kokhala pakati pa mikisa ndi kompyuta, monga Behringer UCA202, kamene kamalandira mawu pa mapini awiri a RCA, lofiira ndi loyera lija, n'kuwapereka ku kompyuta kudzera pa USB. Kabokosika ndi komwe tikupempha a komiti kuti aganizire, osati mikisa yatsopano.

Tsopano funso lalikulu: mawuwo tiwatenge pa bowo liti la mikisa? Pali MAIN OUT imene imapita ku ampu ndi masipika. Pali REC OUT kapena TAPE OUT imene imatulutsa kope ya mawu omwewo, ndipo pa mamikisa ang'onoang'ono ambiri USB nayonso imatenga omwewo. Zonsezi zimanyamula mawu okonzedwera holo. Mnyamata wa pamikisa akakweza voliyumu kuti a kumbuyo amve, zotepazo zimakweranso. Akaika eko, eko imalowanso.

Eko timaikonda, tisabise. M'mizikiti yambiri kabatani kake kamakhala kokweza chifukwa kamakometsa mawu ndi kuwapatsa ulemerero. Koma kwa mwana amene akuphunzira tajwid, eko ndi chinsalu chophimba zolakwa. Madd imene iyenera kukokedwa ma harakaat 2 imamveka ngati yafika 4 chifukwa makina atalikitsa mchira wake. Ghunna yothamangitsidwa imamveka yokwana. Qalqala, kudumpha kuja kwa zilembo zisanu monga Qaaf ndi Daal, imasowa pakati pa kudumpha kwabodza kumene makina aika pa chilembo chilichonse. Ngakhale kusiyanitsa Saad ndi Siin kumavuta. Mwalimu akamamvetsera zotepa zotere sangadziwe chimene mwana wanena ndi chimene makina awonjezera, ndipo mwanayo amadziona ngati wafika kale. Eko ingathe kuikidwa pambuyo pake mu kompyuta ngati wina aifuna, koma ikalowa potepa n'kovuta kwambiri kuichotsa. Taganizani za Sheikh Mahmoud Khalil al-Husary wa ku Egypt, amene mu 1961 anatepa Qur'an yonse m'kawerengedwe ka murattal. Mpaka lero aphunzitsi amapatsa ophunzira mawu akewo, chifukwa chilembo chilichonse chimamveka pachokha.

Choncho, ngati mikisa ili ndi bowo la AUX SEND, tengani mawu pamenepo. Tchanelo iliyonse ili ndi kabatani kake ka AUX; kwezani ka maikolofoni ya wowerenga yokha, ena onse akhale pansi. Pakalembedwa PRE, ndiye kuti mawu akutuluka asanafike pa voliyumu ya tchaneloyo, moti wa pamikisa angakweze kapena kutsitsa za holo osasokoneza zotepa. Anthu a m'holo adzamva eko yawo, kompyuta idzalandira mawu oyera. Pafunika waya wa jeke yaikulu mbali imodzi ndi RCA mbali inayo. Mikisa ikakhala yopanda AUX, zimitsani eko kwa nthawi yotepayo basi.

Pulogalamu yake ndi Audacity. Ndi yaulere, inatuluka koyamba mu 2000, ndipo ikaikidwa mu kompyuta siifunanso intaneti. Lumikizani USB musanaitsegule. Pa Audio Setup sankhani chida cha USB kukhala chotepera, apo ayi idzatepa ndi kamaikolofoni ka pa laputopu, ndipo mudzabwerera ku mawu a mu mgolo aja. Munthu mmodzi akamawerenga, Mono ndi yokwanira. 44,100 Hz isiyeni momwemo.

Musanayambe, wowerengayo ayese ndime imene amakweza mawu kwambiri. Tembenuzani GAIN ya tchanelo yake pang'onopang'ono. Kanyali kofiira ka PEAK kakayaka, bwezani. Kenaka yang'anani mzere woyezera mu Audacity. Denga lake ndi 0 dB, ndipo mawu akagunda dengalo amadulidwa nsonga n'kusweka. Mawu okwera kwambiri azithera pakati pa -12 ndi -6 dB. Ophunzira ambiri amaopa akaona mafunde ang'onoang'ono pa sikirini. Musaope. Mawu otsika amakwezedwa bwinobwino ndi Normalize mukamaliza. Osweka ndi ovuta kwambiri kuwakonza. Kumbukiraninso kuti mwana amene amanong'ona poyeserera amafuula akaona khamu.

Valani mahedifoni olumikizidwa ku kabokosi kaja kapena ku kompyuta, chifukwa zimene masipika akutulutsa sizikuuzani chimene chikusungidwa. Mukamva kulira kwa "mmmm" kosalekeza, kukuchokera ku magetsi, amene kuno ku Malawi amayenda pa 50 Hz. Kawirikawiri kumabwera laputopu ikakhala pa tchaja pamene mikisa ilinso pa magetsi. Zulani tchajayo, laputopu iyende pa batire. Kulirako kukatha, mwapeza gwero. Ma inveta a sola otchipa nawonso amalowetsa phokoso. Waya wa maikolofoni ukhale wa XLR, wa mapini atatu, ndipo usagone pamodzi ndi wa magetsi. Maikolofoni ikhale chikhatho chimodzi kuchokera pakamwa, chapambali pang'ono kuti mpweya wa Baa ndi Faa usaiombe, ndipo ikhale pa choimikira, osati m'manja onjenjemera. Nyengo ya mvula, malata akayamba kulira, dikirani ikate.

Mukamaliza, sungani kawiri. Kope ya WAV ndi ya sukulu: miniti imodzi ya Mono imadya pafupifupi 5 MB, ola lathunthu kupitirira 300 MB. Kope ya MP3 pa 64 kbps ndi yotumiza kwa makolo, chifukwa miniti imodzi siifika ngakhale theka la MB, ndipo bandulo siilira. Dzina la failo likhale ndi kalasi, sura ndi tsiku, kuti teremu yamawa mwana adzamve kusiyana kwa mawu ake akale ndi atsopano. Zotepazi zizikhala kwa mphunzitsi, ndipo mawu a mwana asapite m'magulu a WhatsApp kapena ku wailesi, kaya Radio Islam kaya Mzimba Community Radio, makolo ake asanavomereze. Makolo amene simukufuna kuti mwana wanu atepedwe, dziwitsani ofesi teremu isanathe.