Mitengo ya pakhomo: nthawi yoidulira, kadulidwe kake, ndi amene ayenera kukwera

Mvula ya chizimalupsa sikonda kubwera yokha, imabwera ndi mphepo. M'midzi ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, mphepo imeneyi ndi imene imayesa mitengo ya pakhomo: bulugamu amene anabzalidwa ngati mpanda koma lero wapitirira nyumba kanayi, mango amene nthambi zake zagona pa malata, paini wa kuseri kwa sukulu. Nthambi imodzi yokha imatha kuphwanya denga limene banja linagula ndi ndalama za mbatatesi za chaka chonse. Ikagwa usiku anthu ali m'tulo, nkhani yake sikhalanso ya malata.

Anthu a m'chigawo cha Tete sanaiwale namondwe Ana wa mu Januwale 2022, amene anagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè, ngakhalenso Freddy wa mu Malichi 2023. Namondwe wotere amazula ngakhale mtengo wabwinobwino. Koma mitengo yambiri imene imagwa ndi mphepo wamba ya chaka ndi chaka imakhala itayamba kale kuonetsa kuti yafooka, kungoti palibe anaiyang'anitsitsa.

Zimene mtengo umaonetsa usanagwe

Malo oyamba kuyang'ana ndi pansi. Bowa womera patsinde kapena pa mizu amasonyeza kuti mkati mwaola, ngakhale masamba akuoneka obiriwira. Mtengo umene unakula chopendekeka kuyambira kale nthawi zambiri umakhala utazolowera, koma umene wayamba kupendekeka chaka chino, dothi la mbali inayo n'kutukuka kapena kung'aluka, ndiye kuti mizu yayamba kudukaduka. Mizu imafookanso anthu akakumba maziko a nyumba, chimbudzi kapena ngalande pafupi ndi tsinde, komanso akamatentha zinyalala pamenepo chaka ndi chaka.

Pa thunthu, zofunika kuona ndi ming'alu yotsika m'litali, mphako, ndi njira za chiswe. Kugogoda ndi msana wa nkhwangwa kumathandiza: thunthu lathanzi limalira mogonthera, lamphako limalira ngati ng'oma. Pali chinanso chimene ambiri sachiwerengera. Mtengo ukagawikana kukhala mathunthu awiri ofanana kukula, okumana mothinana, khungwa limalowa pakati pawo ndipo awiriwo sagwirana kwenikweni. Madzi amaima pamenepo, pamaola, tsiku lina mphepo n'kuung'amba pakati.

M'mwamba, nthambi zouma ndi zothyoka zimene zangokodwa mu zinzake ndi zoyamba kuchotsa. Bulugamu ndi wosadalirika pa nkhaniyi, chifukwa amatha kutaya nthambi yaikulu ngakhale tsiku lopanda mphepo. Si mtengo woyenera kukhala pamwamba pa malo amene ana amasewera kapena pamene amayi amagulitsira malonda.

Mtengo uliwonse ndi nyengo yake

Nthambi youma kapena yoopsa imachotsedwa tsiku lililonse. Koma kudulira kofuna zipatso kuli ndi nthawi yake. Mango amaduliridwa akangotha kukolola, kuti mtengo uphuke nthambi zatsopano zimene zidzakhwime maluwa asanatuluke m'nyengo yachilimwe. Amene amasadza mango mu Ogasiti kapena Seputembala, poopa mphepo, amagwetsa maluwa ndi tizipatso tomwe, ndipo chaka chimenecho ana amakadya kwa aneba. Mapichesi a kumtunda kozizira, monga ku Tsangano, amaduliridwa m'miyezi ya Juni ndi Julayi atayoyola masamba. Pakati pa mtengo pamatsegulidwa kuti dzuwa lilowe, popeza pichesi amabala pa nthambi zimene zinaphuka chaka chathachi. Mapeyala safuna kusadzidwa kwambiri, chifukwa nthambi zake zikavulidwa mthunzi mwadzidzidzi khungwa limapsa ndi dzuwa. Mitengo ya mthunzi yoyandikana ndi nyumba ndi bwino kuikonza kukali kouma, thunthu lisanayambe kuterera ndiponso nthaka isanafewe.

Muyeso umene akatswiri a mitengo amatsata ndi wakuti pa ulendo umodzi asachotse zopitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a nthambi zamasamba. Mtengo umadya kudzera m'masamba. Ukalandidwa ambiri nthawi imodzi umafooka, ndipo chiswe ndi matenda zimapezerapo mpata.

Kudula katatu

Apa ndi pamene pamasiyana munthu wodziwa ntchito ndi munthu amene ali ndi chikwanje chakuthwa basi. Nthambi yolemera ikadulidwa kamodzi kuchokera pamwamba, imathyoka isanamalizidwe n'kusenda khungwa la thunthu kutsika nalo pansi. Bala lotere silipola msanga.

Wodziwa amadula katatu. Choyamba amacheka kunsi kwa nthambi, patali pafupifupi masentimita 30 kuchokera pa thunthu, kulowa gawo limodzi mwa magawo atatu a kunenepa kwake. Kachiwiri amacheka pamwamba, kutsogolo pang'ono kwa pamene anacheka poyamba, mpaka nthambi itagwa. Ikamathyoka, kung'ambika kwa khungwa kumathera pa bala la kunsi lija. Chimatsala ndi chitsa chachifupi chopepuka, ndipo chimenechi ndicho chimachotsedwa kachitatu.

Pochotsa chitsacho pamafunika diso. Pamene nthambi yakumana ndi thunthu pamakhala kamphete kotupa, ngati khosi. Kamphete kameneka ndi kamene kamakula n'kutseka bala, choncho sowo iyenera kudutsa kunja kwake, osakadula. Wochekera mpaka kusalaza ndi thunthu amachotsa chinthu chimene chikanapoletsa mtengo. Wosiya chitsa chachitali naye walakwa, chifukwa chitsacho chimaola ndipo kuolako kumalowa mkati. Pakatha chaka kapena ziwiri, bala lodulidwa bwino limaoneka ndi mkombero wa khungwa latsopano kuzungulira konse.

Ena amapaka oyilo wakuda wa galimoto kapena penti pa bala. Izi sizithandiza, ndipo oyilo amapha khungwa lomwe likanatseka balalo. Chothandiza ndi sowo yakuthwa, ndi kuipukuta ndi javel kapena jiki wosungunula m'madzi pochoka pa mtengo wodwala kupita pa wina, makamaka pa malalanje ndi mapichesi.

Ndiye pali chizolowezi chofala m'misika ndi m'matauni, chodula mutu wonse wa mtengo n'kusiya thunthu ngati mzati. Chimaoneka ngati chathetsa vuto, ndipo ndi chotchipa. Koma pa chitsa chilichonse pamaphuka mphukira zambirimbiri zimene zimathamangira m'mwamba, ndipo zimenezi zimangogwira pa khungwa, sizichokera mkati mwa thunthu. Pakapita zaka zochepa mtengo wabwerera msinkhu wake wakale, koma tsopano nthambi zake ndi zosalimba ndipo zakhala pa mutu woola. Mwini nyumba analipira ndalama kuti mtengo wake ukhale woopsa kuposa kale. Ngati mtengo watalika moti sungasiyidwe pafupi ndi nyumba, njira ndi ziwiri: kufupikitsa nthambi iliyonse pobwerera pa mphanda imene ili ndi nthambi ina yamoyo, kapena kuugwetsa wonse n'kubzala wina waufupi pataliko.

Ntchito imene si ya mwana wa pakhomo

Nthambi zimene munthu angazifikire ataima pansi, mwini munda angadulire yekha. Zikafika pofuna kukwera, kapena nthambi ili pamwamba pa denga, khola, msewu kapena mawaya, ntchitoyo ndi ya munthu amene amaidziwa. Mwambo wotuma mnyamata kuti akwere ndi chikwanje m'manja, wopanda chingwe, chifukwa choti ndi wopepuka thupi, umathyola misana. Ndipo kuchokera m'midzi yambiri ya m'malire, ulendo wopita ku chipatala cha ku Ulóngue kapena cha mu mzinda wa Tete ndi wautali kwa munthu amene wagwa mu mtengo.

M'mizinda muli magulu amene amagwira ntchitoyi m'nyumba za anthu, m'masukulu, m'mashopu ndi m'maofesi. Kumidzi kawirikawiri amakhala munthu mmodzi wokhala ndi makina ochekera, motosera, ndi anyamata ake awiri. Kukhala ndi makina si umboni wa luso. Wodziwa amayamba wazungulira mtengo, kuyang'ana kumene wapendekera, kumene mphepo ikuchokera, ndiponso ngati m'mphako mulibe njuchi. Amabwera ndi zingwe ziwiri zosiyana, china chomangira thupi lake, china chotsitsira nthambi pang'onopang'ono kuti zisagwere pa malata. Amavala chisoti, nsapato zolimba ndi zoteteza maso, ndipo sagwira yekha. Pansi pamakhala mnzake wogwira chingwe ndi kuletsa anthu kudutsa. Sayatsa motosera ataima pa makwerero kapena kuikweza kupitirira mapewa, chifukwa nsonga yake ikagunda chinthu makinawo amadumpha kubwerera kumaso. Pogwetsa mtengo wonse amatema kakamwa mbali imene akufuna kuti ugwere, kenako n'kucheka kumbuyo osadutsitsa, kusiya kachigawo kogwira kamene kamauwongolera. Njira yothawira amailambuliratu, ndipo oonerera amawaimika patali kuwirikiza kawiri kutalika kwa mtengowo. Munthu amene wafika akununkha kachasu, kapena amene yankho lake pa mtengo uliwonse ndi kuudula mutu, ndi wofunika kumubweza.

Pa mawaya a magetsi palibe zokambirana. Nthambi yaiwisi imadutsitsa magetsi, ndipo mawaya a mphamvu yaikulu amatha kulumphira munthu asanawakhudze n'komwe. Mtengo umene wafika pa mawaya, kapena umene ungawagwere podulidwa, ndi wokanena ku ofesi ya EDM kuti azimitse kaye. Waya umene wagwa pansi ndi mtengo uyenera kutengedwa ngati wamoyo, anthu ndi ziweto atalikire mamita osachepera 10.

Kugwirizana ntchito isanayambe

Mikangano yambiri imabwera chifukwa cha zinthu zimene sizinanenedwe poyamba. Mwini mtengo ndi wodula ayenera kuloza nthambi imodziimodzi imene ichoke, ngakhale kuzilemba ndi choko kapena makala. Ayenera kumvana za amene adzakonze denga, lake kapena la neba, nthambi ikaphonya, ndipo pakhale mboni. Kumalire kuno, kumene anthu a ntchito amawoloka kuchokera mbali ya Dedza ndi Ntcheu, ndi bwinonso kunenetsa ngati malipiro ali mu meticais kapena makwacha. Ndalama yonse isaperekedwe ntchito isanathe ndi nthambi zisanachotsedwe pabwalo.

Mabanja ambiri amalipira ndi nkhuni kapena matabwa ochokera mu mtengo womwewo, chifukwa ndalama palibe. Njirayi ili ndi msampha wake: munthu amene phindu lake likukula ndi kuchuluka kwa zimene wadula sangalangize kuti nthambi yaikulu isiyidwe. Ngati malipiro ndi amenewo, kuloza nthambi kuja kumafunika koposa.

Si mtengo uliwonse woyandikana ndi nyumba umene uli wa mwini nyumbayo. Wa m'malire a malo awiri umafuna kuti neba avomereze. Wa kumanda kapena kudambwe sukhudzidwa popanda mawu a mfumu. M'matauni monga Ulóngue, Moatize ndi Tete, mitengo ya m'mphepete mwa misewu ili m'manja mwa khonsolo, ndipo mwini shopu amene nthambi yamutchingira chikwangwani ayenera kukapempha kumeneko. Malamulo a nkhalango a dziko la Mozambique amasiyanitsanso kudula kogwiritsa ntchito pakhomo ndi kudula kogulitsa. Matabwa a mitengo yachilengedwe monga mlombwa ndi mbawa, akafuna kupita kumsika, amafuna chilolezo ndi kalata yoyendera, ndipo ofesi ya SDAE ya paboma ndi imene imafotokoza ndondomeko yake. Wodula amene akuti mtengo wotere ndi wowola ndipo aunyamula yekha kuti athandize, mwina diso lake lili pa matabwa.

Ya m'munda

Kumunda nkhani ndi mthunzi pa chimanga. Mitengo monga gilisidiya imasadzidwa nthawi yobzala, masamba ake n'kukwiriridwa m'mizere ngati manyowa, ndipo imeneyi imapirira kudulidwa pafupipafupi. Nsangu ndi wosiyana: amayoyola masamba m'dzinja, nthawi imene chimanga chikufuna dzuwa, n'kuphukanso m'chilimwe, choncho safuna zambiri kupatula kuchotsa nthambi za m'munsi akali wamng'ono kuti akule mowongoka. Pa zitsa zimene zaphukira zokha m'munda, mlimi amasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zina zonse n'kuchotsa, ndipo amabwereza kangapo pa chaka.

Ntchito yotchipa kuposa zonse ndi ya pa mtengo waung'ono. Mphanda yothinana imene lero ingachotsedwe ndi mpeni pa mbande ya zaka ziwiri, ikasiyidwa imadzafuna motosera, zingwe ndi anthu atatu. Ndipo amene akubzala bulugamu kapena paini mvula ino aziyeza mtunda wochokera pa nyumba potengera msinkhu umene mtengowo udzafike utakula, chifukwa bulugamu amatha kupitirira mamita 30.