Ndani agone pafupi ndi mvuu? Nkhani ya mzere wosaoneka ndi maso

Ana inu, tiyeni tiyambire pamjigo. Mwadzuka mbandakucha kwanu ku Ntcheu, kaya ndi ku Nsipe, ku Bawi kapena ku Tsangano kozizira kuja, mwanyamula ndowa. Pofika pamjigo mwapeza ndowa khumi zandandalikidwa kale, koma munthu alipo mmodzi yekha. Mukamufunsa akuti, "Zonsezi n'zanga, ndasungira abale anga." Dzuwa latuluka, abale ajawo osaoneka, ndipo inu belu la kusukulu lakupezani muli kumapeto kwa mzere. Kodi mumtima mungamve bwanji?

Mzere wotere uliponso kwina, koma suoneka ndi maso chifukwa uli m'mafoni ndi m'makompyuta. Ndi mzere wa anthu ofuna kukagona m'matenti m'nkhalango zosungirako nyama. Lero tiuone bwinobwino mzerewu: umayenda bwanji, umakhota pati, ndipo ungawongoledwe bwanji.

Anthu amakagoneranji m'nkhalango?

Mukachoka pa boma la Ntcheu kutsata msewu wa M1 kulowera kummwera, n'kukhotera ku Balaka pa Chingeni, mukafika ku Liwonde. Kumeneko, m'mbali mwa mtsinje wa Shire, kuli nkhalango yosungirako nyama ya Liwonde, yomwe inakhazikitsidwa mu 1973. Kuyambira mu 2015, bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira nkhalangoyi mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Muli njovu, mvuu, ng'ona ndi nkhwazi. Nyama zina zomwe zinatheratu anazibweretsanso: akakwiyo mu 2017 ndi mikango mu 2018. Mu 2019 kunafika zipembere 17 kuchokera ku South Africa.

Nyama zambiri zimayenda m'mamawa ndi madzulo, masana zimabisala pamthunzi. Mvuu zimatuluka m'madzi usiku kukadya msipu. Choncho wofuna kuziona bwino ndi kumva kulira kwake ayenera kugona konko. Nyumba zogona alendo za m'nkhalango n'zokwera mtengo, koma tenti, kanyumba kansalu kopinda kaja, ndi yotchipirapo. N'chifukwa chake oyang'anira amalambula malo ena, amaikapo madzi, zimbudzi ndi poyatsa moto, kuti alendo azidzika matenti awo pamenepo.

Nkhalango yonse ija ingachepe malo?

Funso labwino limenelo. Nkhalango ndi yaikulu ndithu, koma mwini wake woyamba ndi nyama. Anthu akamadzika matenti paliponse, udzu ungapondedwe, nkhuni zingathe, zinyalala zingachuluke, ndipo moto wosiyidwa ungatenthe tchire. Wina angagone panjira yomwe njovu zimadzera popita kukamwa madzi, ngozi n'kuchitika.

Ngakhale njovu nazonso zimawerengedwa. Mu 2022, njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku nkhalango ya Kasungu, chifukwa ku Liwonde zinachuluka kuposa mmene malowo akanazidyetsera. Ngati eni nkhalango amawerengedwa chonchi, kuli bwanji ife alendo? Malo a matenti amakhala owerengeka, ndipo pa tchuthi ofuna amachuluka kuposa malowo. Apa m'pamene pamabadwira mzere.

Mzere wa pa intaneti umayenda bwanji?

Kale munthu ankalemba kalata, kuimba foni kapena kungofika pachipata. Masiku ano m'mayiko ambiri munthu amatsegula tsamba la pa intaneti, n'kuona kalendala yosonyeza masiku amene muli malo. Akasankha tsiku n'kulipira, kompyuta imalemba dzina lake, ndipo malowo amatsekeka kwa ena onse. Uku ndiye kusungitsa malo.

Ku South Africa, ofuna kugona m'nkhalango yotchuka ya Kruger amatha kusungitsa malo kutatsala miyezi 11. Ku America, m'nkhalango ya Yosemite, kwa zaka zambiri malo akhala akutsegulidwa pa 15 mwezi uliwonse, 7 koloko m'mawa, kutatsala miyezi isanu. Anthu zikwizikwi amakhala chala chili pabatani kudikira nthawiyo, ndipo malo abwino amatha m'mphindi zochepa.

Lamulo lake limamveka lokoma: wofika msanga ndiye atenge. Koma taganizani, pampikisano wothamanga, wina ali panjinga yamoto, wina ali wapansi. Onse anyamuka nthawi imodzi. Kodi tinganene kuti mpikisanowo unali wachilungamo?

Mzerewu umakhota pati?

Choyamba ndi liwiro. Wokhala ndi kompyuta yabwino ndi netiweki yamphamvu amadina n'kulowa, pamene wa kumudzi foni yake ikadali kuzungulira. Wina alibe ndi foni yotsegula intaneti yomwe, kapena bandulo yamuthera.

Chachiwiri ndi mapulogalamu a pakompyuta otchedwa bot. Awa ali ngati mnyamata wotumidwa amene sagona, satopa, ndipo amadina batani mofulumira kuposa chala cha munthu aliyense. Ena amawagwiritsa ntchito kutsomphola malo akangotsegulidwa.

Chachitatu ndi uja wa ndowa khumi. Wandalama amagwira malo angapo pamasiku osiyanasiyana kuti adzasankhe bwino, kenako ena osapitako, osauzanso oyang'anira. Usiku umenewo pamalopo pamagona mphepo yokha, chikhalirecho banja lina linabwezedwa kuti kwadzaza. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma pamzerewu amene amagwa ndi anzake a pusiyo.

Chachinayi n'chovuta kuchiona msanga. Kusungitsa malo kutatsala miyezi yambiri kumafuna munthu wodziwiratu tsiku la tchuthi chake, wokhalanso ndi ndalama zolipiriratu. Bambo wolima mbatata ya kachewere ku Tsangano, kapena mayi wogulitsa kabichi ndi tomato pamsika wa Lizulu, amadziwa za m'thumba mwake akakolola ndi kugulitsa. Mu Januwale, nthawi ya feteleza ndi fizi, sangalipirire ulendo wa mu Julayi. Mu 2022 akatswiri a pa yunivesite ya Montana ku America anafufuza nkhaniyi, ndipo anapeza kuti m'malo ofunika kusungitsiratu, alendo ambiri ankachokera m'madera a anthu opeza bwino, kusiyana ndi m'malo amene munthu amangofika n'kupatsidwa.

Nanga anthu akuuwongola bwanji?

Njira ina ndi maere. Mayina onse amalandiridwa kwa masiku angapo, popanda kuthamangitsana, kenako kompyuta imatola mwachisawawa. Wolembetsa Lolemba ndi wolembetsa Lachisanu mwayi wawo ndi umodzi, ndipo liwiro la bot limakhala lopanda ntchito.

Ku Grand Canyon, ku America komweko, anawonjezapo nzeru ina. Anthu ofuna kuyenda pabwato mumtsinje wa Colorado, n'kumagona m'matenti m'mphepete mwake, ankalembedwa pamndandanda. Mayina anapitirira 8,000, moti wolembetsa kumene akanadikira zaka zoposa 20. Mwana wa Sitandade 5 akanakula, n'kukhala ndi ana ake, dzina lisanaitanidwe! Mu 2006 anayamba maere okondera amene sanapiteko posachedwa. Zili ngati kuponya timiyala m'chipewa: amene anapitako chaka chatha aponye kamodzi, amene sanapitekopo aponye tisanu.

Njira ina ndi kuika malire. M'chigawo cha California, ku America komweko, munakhazikitsidwa lamulo mu 2023 lonena kuti pa nyengo ya alendo ambiri munthu asakhale pamalo amodzi a matenti mausiku oposa 7 otsatizana. Lamulo lomwelo likuti wosungitsa malo n'kusabwera, osanena, ataye ndalama zake, koma wodziwitsa oyang'anira nthawi ikadalipo abwezeredwe. Potero uja wa ndowa khumi amachotsa msanga ndowa zomwe sakuzifuna.

Enanso satsegula malo onse tsiku limodzi. Malo ena amawatsegula kutatsala miyezi, ena kutatsala sabata ziwiri, ena amawasiyira ofika pachipata tsiku lomwelo. Nyumba ya makomo angapo imalowetsa anthu ambiri kuposa ya khomo limodzi.

Nanga kwathu kuno?

Ku Malawi kulimbirana malo pa intaneti sikunafike pa msinkhu wa ku Yosemite. Koma mpanda amamanga mbuzi zisanalowe m'dimba. Pamene alendo akuchuluka ku Liwonde, ku Majete, ku Nyika ndi ku Cape Maclear, ino ndiyo nthawi yoganizira mzere wabwino.

Poyambira alipo kale. M'nkhalango zathu Mmalawi amalipira ndalama zochepa polowa kusiyana ndi mlendo wochokera kunja. Palinso bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe linayamba mu 1947, ndipo limalimbikitsa makalabu a zachilengedwe m'sukulu. Anzathu a ku South Africa, kuyambira mu 2006, amakhala ndi sabata imodzi mu Seputembala yomwe nzika zimalowa ulere m'nkhalango zambiri za boma kukacheza masana.

Tingawonjezepo zathu. Anthu ambiri ku Ntcheu amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba ndi kafoni ka mabatani, popanda intaneti. Bwanji kusungitsa malo kusayende chimodzimodzi, m'Chichewa chomveka? Bwanji masiku ena a tchuthi asasungidwire makalabu a m'sukulu? Ndipo tisaiwale ana a m'midzi yoyandikana ndi nkhalango, amene makolo awo nthawi zina njovu zimawadyera chimanga. Iwowa amasenza mtolo wokhala pafupi ndi nyama, choncho sayenera kukhala kumapeto kwa mzere wokaziona. Tsiku lina nkhalango yathu ya Mvai, komwe kuli damu la Mpira, ikadzakhala ndi malo a matenti, mafunso omwewa adzatipeza pakhomo.

Yesani izi ndi anzanu

Jambulani mabwalo atatu pansi, amenewo akhale malo a matenti. Itanani anzanu khumi. Ulendo woyamba onse athamange, ofika msanga atenge. Ulendo wachiwiri lembani mayina patimapepala, ponyani m'chipewa, wina atole atatsinzina. Ulendo wachitatu, aliyense amene sanapezepo malo aponye timapepala titatu. Mukatha khalani pansi mufunsane: ndi ulendo uti umene wamng'ono kwambiri pagulupo anali ndi mwayi? Ndi uti umene unasiya anthu ambiri akudandaula? Mungapeke njira yachinayi yoposa zonsezi?

Mukapeza yankho, kawauzeni aphunzitsi, ndipo muwafunse ngati kalabu yanu ingakonze ulendo wa ku Liwonde. Safunsa anadya phula. Kompyuta siidziwa chilungamo payokha, imangotsata malamulo amene munthu waiuza, ndipo ena mwa inu ndinu amene mudzalembe malamulowo mukadzakula. Tsiku limenelo mudzakumbukire mmene zimawawira kuima pamjigo ndi ndowa imodzi kumbuyo kwa ndowa khumi zopanda eni. Mudzakonze mzere woti mwana wa ku Nsipe, wopanda kompyuta, naye adzagone m'tenti m'mphepete mwa Shire, n'kudzimvera yekha mvuu zikulira usiku.